Pulogalamu Imene Inadya Ulendo wa Agogo

Lachitatu, pa 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Pepani kuti mutaimba foni ndinangoti "zili bwino" n'kukhala chete. Mukundidziwa, pafoni mawu amandithawa. Ndiye ndati ndilembe pamanja, pang'onopang'ono, kuti ndisasiye kanthu. Pepalali ndagula ndekha, si la kuntchito.

Zimene amayi anamva, zoti andichotsa pampando wotayipira, si zabodza kwenikweni. Iwo akuti ndingolongedza ndibwerere kwathu, chipinda changa chikadalipo. Koma musanawayankhe, mumve kaye mmene zinayendera.

Pulogalamu yolembera ija munkagwiritsa ntchito musanandisiyire malo ano yakalamba zedi. Ukamatayipa imangouma, kamuvi n'kumazungulira pasikirini ngati galu wofuna pogona, kenako yadzitseka yokha. Chithunzi ukachiika pamwamba, posindikiza umachipeza chatsikira tsamba lina. Manambala a masamba amayambiranso pakati pa ntchito. Ndikalemba Chichewa imajambula mizere yofiira pansi pa mawu onse, ena n'kuwasintha osandifunsa. Ndinazolowera kuseva, kuti ntchito isungike, ndikangomaliza ndime iliyonse, ngakhale kusevako nakonso kumaiumitsa kanthawi. Masiku ena ndinkapita kuchimbudzi kukalira pang'ono, n'kusamba kumaso, n'kubwerera.

Mwezi watha abwana anaitana a Mawaya, bambo wokonza makompyuta uja wachikwama chong'ambika.

"Mayi, chinthu ichi n'chokalamba kuposa ine," anatero a Mawaya. "Amene anachipanga anasiya kale kuchipatsa mankhwala."

"Mumanena zomwezo ulendo uliwonse, koma tiyi wanga simumusiya," anayankha abwana.

"Tiyiyo ndimamwera chisoni, mayi."

Atatha kuseka, a Mawaya anatchula njira zitatu. Yoyamba, kugula yatsopano ya mtundu womwewu, koma imafuna kulipira chaka ndi chaka, ndipo nkhope yake anaisintha yonse. Yachiwiri ndi yaulere, sifuna intaneti, imaseva yokha ukamalemba, kungoti mafayilo obwera ndi makasitomala nthawi zina amatseguka matebulo atapendekeka. Yachitatu imakhala pa intaneti, ndiye ngakhale kompyuta itapsa, ntchito siitayika. Apo abwana anangoloza kuwindo. Netiweki ya mumsewu muno mukuikumbukira, timachita kuimirira pakhomo la ometa tsitsi kuti uthenga utuluke.

Kenako abwana anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiye umakhala pampandopo tsiku lonse. Tisankhe iti?"

Achemwali, apa m'pamene ndinalakwitsa. Inu mukudziwa mmene munandiphunzitsira: "Pamwambapo dina liwu lachitatu kuchokera kumanzere, ukatero utsike mizere iwiri." Ine mawu a Chingerezi ali pamenepo sindimawamva. Sukulu ndinalekera kupulayimale, ndipo abwana sanandifunsepo, poti ntchito yanga imatuluka yopanda cholakwika. Chingerezi cha makasitomala ndimachikopera chilembo chimodzichimodzi, ndikatha ndimayerekezanso ndi chala papepala. Pulogalamuyo ndimaidziwa ndi zala, ngati mmene munthu amadziwira nyumba yake magetsi atathima. Sindikukudandaulani ayi, munandiphunzitsa mmene ndikanamvera. Koma ndinadziwa kuti mabatani akangosuntha, ine ndatha.

China n'chakuti masiku ano pali mtsikana wina, mwana wa achimwene awo a abwana. Anamaliza kozi ya makompyuta ndipo akudikira ntchito, ndiye amathandiza pamakina ofotokopa. Mapulogalamu onse atatuwo amawadziwa. Palibe amene ananenapo kanthu, koma maso ndili nawo.

Ndiye ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Yakaleyi ili bwino, ndimaitha."

"Mwana iwe," anatero a Mawaya, "si iwe ndinakupeza ukuinyengerera ngati khanda lokana phala?"

Abwana anati ngati mwini mpando wakhutira, zikhale choncho.

Tsopano ndikuuzeni za agogo ena, kasitomala wathu. Inu simukuwadziwa, anayamba kubwera mutachoka. Ankayendetsa malole moyo wawo wonse, pano maso anayamba kuchita khungu. Amabwera m'mawa masiku ena, amakhala pambali panga chipewa chili pabondo, n'kumanena za maulendo awo ine ndikutayipa. Akuti akufuna zidzukulu zawo zidzawerenge. Sabwera ndi pepala lililonse, zonse zili m'mutu. Ine amanditchula kuti kondakitala. Akafika amati, "Kondakitala, matayala ali bwino? Tiyeni tinyamuke."

Patangopita masiku ochepa chichokere a Mawaya, agogo anafika osaseka ngati kale. Anati lero tinena za malemu akazi awo. Anafotokoza mmene lole inawatenthera pamlatho wina, injini ikufuka, iwo alibe chotungira madzi. Kunsi kwa mlathowo kunali mtsikana akuchapa, ndipo anawakaniza chidebe mpaka atalonjeza kuti amunyamulira zochapazo kukafika kwawo. Ananena zambiri, achemwali, mawu akungotuluka okha, maso ali kukhoma. Ine zala zinkangothamanga. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuseva, koma ndikanadina, chinthucho chikanauma, ndipo ndikanawauza kuti adikire. Munthu akulankhula za mkazi wake wakufa, ungamuuze bwanji kuti taimani kaye?

Ali pakati pofotokoza za tsiku la ukwati, kamuvi kanayamba kuzungulira. Ndinachotsa manja pakiyibodi n'kupemphera. Inadzitseka. Nditatsegulanso, zonse za tsiku limenelo kunalibe, kunangotsala mutu wokha umene ndinalemba poyamba.

Ndinawauza. Iwo anati, "Chabwino, tibwerere m'mbuyo." Anayesa. "Ndinakumana ndi agogo anu pamlatho. Tinakwatirana chaka chotsatira." Anaima pomwepo. Anayesanso, koma sizinabwere.

"Zoterezi zimabwera kamodzi, kondakitala," anatero akuvala chipewa. "Usadandaule, si iwe."

Koma ndinali ine. Ndikanayankha zoona tsiku lija, bwenzi mawu awo alipo.

M'mawa mwake ndinafika abwana akutsegula chitseko. Ndinawauza kuti asinthe pulogalamu, aike yaulere ija, poti ndi yokhayo imaseva yokha popanda netiweki. Ndinawauzanso chifukwa chimene ndinakanira poyamba. Ndinanena zonse ndikuyang'ana makiyi ali m'manja mwawo.

"Ukutanthauza kuti nthawi yonseyi umangowerenga mabatani?"

"Eya."

"Ndipo ukanangofa nazo osanena? Mkulu wako ankalongolola mpaka makina kutentha, iwe duu chonchi. Munabadwadi mimba imodzi?"

Sanaseke. Anati iwo ali ndi makasitomala, sangadikire munthu wofufuza batani. Mwana wa achimwene awo uja akhale pampando, ine ndipite kofotokopa ndi kumanga mabuku, za kutsogolo tidzaona. Zimenezo n'zimene zinafika kwa amayi. Ndikuganiza kuti anawauza ndi mayi wogulitsa nsalu uja amapita kwathu kawirikawiri.

Mtsikanayo ndinkamuopa pachabe. Tsiku loyamba lomwelo, nthawi ya nkhomaliro, anakoka mpando wina n'kuti, "Asisi, bwerani. Koma zowerenga chachitatu chachinayi zija ayi. Tiziwerenga mawu." Anandiuza kuti liwu ili likutanthauza kulowetsa, ili kukonza maonekedwe, ili kubweza zimene walakwitsa. Ndinadabwa kuona kuti mawuwo si ambiri ngati mmene ndinkaganizira. Ndikaiwala amandimenya chala ndi pensulo, ine wamkulu kwa iye.

Pulogalamu yatsopanoyi si mngelo. Tebulo la kasitomala wina wa sukulu linatseguka mizere itakwerana, mtsikanayo anatha m'mawa wonse akuliwongola, abwana akung'ung'udza kuti chaulere sichikhala chaulere. Zilembo zina zimaoneka zonenepa kusiyana ndi zakale. Koma chiiikireni sinadzitsekepo, ndipo ukaiuza kuti isiye mizere yofiira ija imamva.

Pophunzira ndinkafuna choti ndizitayipa. Ndinaganiza kuti nkhani ya pamlatho ija, ngakhale kompyuta inaitaya, makutu anga analipo. Ndiye nkhomaliro iliyonse ndinkalemba zimene ndikukumbukira, mmene agogo ananenera. Pena ndinkakayika, koma ndinkalemba ndithu.

Agogo anakhala nthawi osabwera, moti ndinayesa atitaya. Dzulo anatulukira. Atamva mawu achilendo pampando anafunsa kuti, "Kondakitala wanga mwamutsitsa pa siteji iti?"

Ndinachoka kofotokopa n'kupempha abwana kuti andilole ndiwawerengere kanthu. Anavomera ndi mutu n'kuima pambali, manja atapinda. Ndinatsegula ndekha fayiloyo n'kuyamba kuwerenga. Anthu awiri odikira mapepala awo ankamvetsera. Nditafika pa chidebe chobiriwira, agogo anamenya ndodo pansi.

"Chobiriwira? Ndani anakuuza zimenezo? Chinali chofiira, chodontha pansi. Anachita kumata ndi sopo ine ndikuona."

"Pepani agogo, ndikonza."

"Ndiponso sanandikanize kamodzi kokha. Lemba bwino. Anati, inu a malole mumatenga zinthu za anthu n'kupita nazo."

Basi anayambapo. Ndikawerenga mzere, iwo amautsutsa n'kuwonjezera itatu. Zina zinali zimene sananene n'komwe tsiku lija. Pena ndinasowa poyambira tsamba latsopano, ndipo ndinafunsa mtsikana wondiphunzitsa uja mokweza, anthu onse akumva. Sindinafe nazo manyazi ngati mmene ndinkaganizira. Tinadutsa ukwati, tinafika mpaka pa mwana wawo woyamba. Si zonse zimene zinabwerera. Panali mawu ena amene malemuwo ananena akutsika lole, okoma kwambiri, ndipo tonse awiri tawaiwala. Pamenepo agogo anati ndisiye mzere wopanda kanthu.

Iwo atapita, abwana anatenga masamba aja n'kuwayang'ana m'mbali ndi m'munsi, monga amachitira.

"Ukuchedwa ngati kamba," anatero. "M'mawa uzikhala pampando, uzilemba makalata ndi za anthu onena pakamwa. Masana mnzakoyu azipanga matebulo, iwe uli pambali ukuonera. Ndipo ukasowa kanthu uzitsegula pakamwa, wamva?"

Ndinati ndamva.

Ndiye achemwali, ndili ndi pempho. Kabuku kanu kaja komasulira mawu a Chingerezi, ngati ana sakukagwiritsa ntchito, munditumizire wina akamabwera kuno. Ndidzakakuta ndi pepala, sikadzadetsedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsapato anandigulira zija zikadali zolimba. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo asamajombe kusukulu ngakhale kugwe mvula, mumuuze kuti anena ndi amayi ake aang'ono. Amayi ndiye muwaimbire inuyo, poti ine ndikangomva mawu awo ndilira, iwo n'kuyesa kuti zaipa. Muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha chipinda chija, koma aikemo katundu wawo, asachisunge chopanda kanthu. Ndidzabwera pa tchuthi, ndidzagona nawo kwawo ngati mlendo, ndipo Lolemba lake ndidzadzukira kuntchito.

Ndine mng'ono wanu wokusowani nthawi zonse.