Chothyolera Moto cha a Hezron

Lolemba, 10 Novembala 1997

Mphenzi yapha ng'ombe ziwiri za a Amock dzulo masana. Kusukulu nkhani ndi yomweyo. Ine wa ku Ntcheu, kuno ku Nchenachena zanga n'kumva chabe.

Lachitatu, 12 Novembala

Okonza denga la a Hezron, aneba anga, apeza chinthu pamtanda. Ndodo yaitali, kunsonga zala zisanu zamkuwa, ukakoka chingwe zimafumbata. Atawafunsa, mkuluyo anangoti, "N'chothyolera moto, cha adada." Basi. Pofika madzulo a Amock anali atamaliza kale mlandu: akuti ndicho anathyolera mphenzi kumwamba.

Lachinayi, 13 Novembala

Akulu a mpingo akuti a Hezron asadye Mgonero mpaka nkhani ioneke mutu wake. Munthu woti anayamba kwaya ine ndisanabadwe. Panjira palibe akuwapatsa moni.

Loweruka, 15 Novembala

Ndinapita kukachiona, chifundo pang'ono, chidwi chambiri. Zala zake n'zopindika ngati zogwirira dzira. Akuti bambo awo ankasamala magetsi a amishoni kalekale, ndipo ichi ankachotsera mababu a m'mwamba popanda makwerero. Moto ankanenawo ndi wa magetsi.

"Nanga bwanji simunawauze choncho?"

"Anafunsa dzina lake, aphunzitsi. Ntchito yake sanafunse."

Mkuluyu makani ngati bulu. Zandikwiyitsa.

Lamulungu, 16 Novembala

A Hezron alowa nacho m'tchalitchi jenereta ikulira. Amayi a kubenchi lakumbuyo mbwee, kuthawira kukhoma. Iwo osayang'ana munthu, anakweza ndodo, zala gwi! pa babu la pamwamba pa guwa, n'kupotokola. Lazima. Analitsitsa, kulipukuta fumbi ndi mpango, kulibwezera. Layaka.

Kenaka abusa, motsitsa mawu, "Yewo chomene, adada."

Mbale ya Mgonero itafika pa a Hezron, analandira. Wogawa anali a Amock. Onse awiri maso pansi.

Lachiwiri, 18 Novembala

Mvula tsiku lonse, ana theka sanabwere.

Itakata ndinamva odi kwa aneba. Mayi Lois, akazi a a Amock, akuti mapapaya awo atalika, angabwerekeko chija?

A Hezron anayankha, "Za afiti sitibwereketsa, amama."

Panopa ndikuwaona a Hezron pawindo, ndodo paphewa, akupita kukawathyolera okha.