Kompyuta ya ku Esiteti Yasiya Kuuma

Amayi anga, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Mitundu tilipo. Ndikudziwa kuti muyamba kufunsa za kwathu ku Nathenje, ndiye ndiyambire komweko. Akazi awo a achimwene a Yohane anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu, ngakhale tsinya lomwe. Chimanga cha kudimba chinachita, koma cha kumtunda dzuwa linachiwamba, nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinandiwondetsa chaka chino. Mukabwera kudzandiona ku ofesi ya esiteti ya fodya, munkaseka kuti ndimagogoda taipi ngati nkhuku yotola mapira. Taipi ija anaichotsa. Anabweretsa makina otchedwa kompyuta, okhala ndi galasi lotuluka malemba obiriwira. Ine ndimalowetsamo kulemera kwa mabelo a tenanti aliyense, iyo n'kumusindikizira kapepala kake. Miyezi yoyamba inkayenda bwino. Ndikamapita kukadya masana ndinkaizimitsa, poweruka chimodzimodzi, n'kuifunditsa nsalu. Munatilera choncho, kuti moto sausiya wokha.

Kenako kunabwera manijala watsopano, a Kamwendo. Analamula kuti isamazimitsidwe, ati kuyatsayatsa kumaipha. Ndinamvera. Posakhalitsa inayamba matenda. Lolemba inkathamanga, pakati pa sabata inkakwawa, mapeto ake n'kungouma gwa, matenanti ali pamzere padzuwa. Ikatero m'pamene bwana ankalola kuizimitsa n'kuiyatsanso. Bwana anati vuto ndi manja anga. Anati makina otere si a munthu wa Sitandade 8, ndipo zikapanda kusintha, pakutha pa nyengo ya fodya ndichoke. Amayi, ntchito ikatha ndiye kuti ndi nyumba ya pa esiteti yomwe. Adzukulu anuwa, Feliya ndi Madalitso, ndikanalowera nawo kuti?

Ndinayesa zonse zimene mutu wanga unandiuza. Ndinkasamba m'manja ndisanaikhudze. Ndinasiya kuifunditsa, poganiza kuti ikumva kutentha. Ndinkadina mabatani mofewa ngati ndikusisita khanda. Inkaumabe.

Chimene chinandithandiza simungachiganize. A chipani anabwera kudzatenga amayi tonse kuti tikayeserere magule a msonkhano, ndipo mukudziwa kuti kumeneko sakana, ngakhale manijala satsegula pakamwa. Ndinachoka sabata yathunthu. Pampando wanga panakhala kalaliki wa Folomu 4, ndipo makina anamuumira nayenso. Apo bwana anaitanitsa a Chimwaza a ku Lilongwe, amene anaika malamulo m'makinamo pachiyambi.

A Chimwaza ndi munthu wodekha. Anandifunsa kuti matendawa anayamba liti. Bwana anali pomwepo, koma ndinanena mosabisa kuti anayamba titasiya kuzimitsa. Anandilongosolera kuti m'makinamo muli timalamulo timene timagwira ntchito ngati kapitawo. Ndikalowetsa tenanti, kapitawoyo amaitana antchito ake, amene iwo amati mapulogalamu, wina wowerengetsa, wina wotumiza kosindikiza. Wantchito aliyense amatenga kamalo m'bongo wa makinawo, umene amati memori, ndipo akamaliza amayenera kubweza kamaloko.

Tinayesa pamodzi. Ine ndinkalowetsa tenanti, iwo n'kuyang'ana malo otsala. Ndilowetse wina, malo achepa. Winanso, achepanso, osabwerera. Anayamba aimitsa wowerengetsa uja, koma malo ankachepabe. Ataimitsa wosindikiza, kuchepa kunaleka. Apo ndi pamene anawapeza. Osindikiza onse a sabata imeneyo anali chikhalire m'katimo, ntchito atamaliza kale, kudikira kuuzidwa kuti azipita. Kapitawo ankangoitana atsopano mpaka kusowa poponda. Kuzimitsa kwanga kuja kunkawabalalitsa ine osadziwa. A Chimwaza anati kunkangobisa matenda, osati kuchiza, ndipo ndinavomera.

Ndinalephera kudzigwira, ndinaseka bwana akuona. Ndinakumbukira dima lija, chaka chimene abambo anaitana anthu kudzapalira, iwo eni n'kuzemba kupita kumowa. Anthu anamaliza munda dzuwa lili pamutu, koma anakhala pansi pa mango mpaka madzulo, thobwa lonse n'kutha, nkhuku ziwiri n'kufa. Inu munaima pakhomo manja m'chiuno n'kunena kuti, "Woitana ndiye wowerutsa, mlendo sadzithamangitsa yekha." Nditawauza a Chimwaza, anaseka mpaka kupukuta magalasi. Anawonjezera timizere tingapo, kuti kapitawo azidikira wantchito amalize, amuwerutse, ndiye aitane wina.

Nyengo ya fodya yatha, makina osazimitsidwa, osauma. A Kamwendo sanapepese, mabwana sapepesa, koma kiyi wa chipinda cha kompyuta anandipatsa ine, ndipo kalaliki uja akafuna kulowa amagogoda. Nyumba tikadalimo. M'mawa uliwonse ndimayang'anabe malo otsala monga anandiphunzitsira a Chimwaza, ngakhale sasintha. Mukundidziwa, ndimabwerera kukagwira chitseko chimene ndakhoma kale.

Koma ndaona kanthu kena, Amayi. Chimwalirireni inu, ndakhala ndikukuitanani pa kalikonse. Mwana akatentha thupi, Amayi. Bwana akakalipa, Amayi. Sabata ya magule ija ndinkakuitanani ndili m'bwalo, fumbi lili m'kamwa. Koma zikatha bwino sindinabwerepo kudzakuuzani kuti zatha. Mwina muli chikhalire pakhomo panga ndi nkhawa za ana amene anachira kalekale. Ndiye lero ndine woitana, ndipo ndikukuwerutsani. Ntchito ilipo, nyumba ilipo, ana akudya. Kapumeni.

Mvula isanagwe ndibwera kudzamanga chiliza chanu. Simenti ndagula kale, ili kuseri kwa chitseko pamwamba pa matabwa kuti isagwire chinyezi. Ndidzalambula ndekha pamanda, ndipo sindidzabweretsa dandaulo lililonse, ndidzangokhala nanu pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Esinati