Siling'i Yonyezimira

Nangongwe,
Kafue.
19 Okutobala, 2025.

Okondedwa akulu anga a Prudence,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Katete. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latsimikiza zotiwotcha amoyo. Musadabwe kuti ndagwira cholembera chonsecho foni ndili nayo. Olakwa ndinu. Ndikangoimba mumatsegula sipika, amayi ali pambali panu pomwepo, ndipo nkhani ndili nayoyi si yoti aimve ikutuluka m'foni.

Nkhani yake ndi yomwe ija yoti amayi adzakhale kuno. Inu mwasenza kokwanira m'kanyumba kanuko, ndipo mawondo awo aja akufuna madokotala a ku Lusaka, kumene ife timapita m'mawa n'kubwerako dzuwa likadalipo. Chipinda chawo m'nyumba yatsopano ija chilipo, zenera lake loyang'ana kumtsinje. Koma chibwerereni kudzaona nyumbayo mu Epulo, akungokana. Ati ku Kafue kuli udzudzu. Udzudzu, akulu anga! Munthu amene anakhala kuno zaka zonse atate akugwira ntchito kunjanji, natiberekera konkuno, lero ndiye aziopa udzudzu? Zakhala zikundipweteka mtima, ndipo ndafufuza ponseponse pamene ndinawalakwira osapapeza.

Tsono mverani zimene zachitika. Nyumba ija tafika poika siling'i. Mukukumbukira kuti pabalaza, podyera ndi khitchini n'chipinda chimodzi chachikulu, pakati pali kakhoma kofika m'chiuno basi. Ndine ndinalimbikira zimenezo, kuti ndikamaphika ndizimva nawo nkhani za alendo m'malo momangomva kuseka kuseri kwa chitseko. Mmisiri tinapeza ndi Titus, munthu waluso koma wapakamwa, woti angakugulitseni mvula mu Okutobala. Anabwera ndi chikwama chodzaza ndi zidutswa zoti tisankhepo. Panali jipisamu wosalala woti n'kupaka penti, matabwa a paini olowana okhaokha amene chiswe cha kuno chikanatithokoza nawo, ndi siling'i ya pulasitiki imene amati PVC, ina yosawala, ina yonyezimira. Anatulutsanso makonisi, timizere tija tobisa pokumana khoma ndi siling'i. Sindinkadziwa kuti tilipo tamitundumitundu chonchija: ena osalala, ena a masitepesitepe, ena a maluwa ngati keke ya ukwati.

"Ba madamu, tengani iyi yoshaina," anatero Titus. "Siigwira doti, utsi mupukuta chabe na kansalu. Nyumba izaoneka ikulu kawiri."

Ine mtima unali utapita kale. Yoyera mbee, ya timizere tasiliva, ndinayamba kuona azimayi a kutchalitchi akulowa m'nyumba mwanga makosi ali m'mwamba. Koma alamu anu a Chimuka anatenga chidutswacho, n'kuchikweza pamwamba pa mutu wawo, n'kumachiyang'ana akupendeketsa khosi ngati nkhuku yaona mphamba. Mapeto ake anangoti, "Tizaona." Mukuwadziwa alamu anu, mawu amatulutsa ngati amachita kugula.

Lamlungu lotsatira tikuchokera kutchalitchi tinapatukira kwa a Deborah, anzanga a m'kwaya, amene nyumba yawo ndi yotseguka ngati yathu ndipo anaika yonyezimira yomweyo. Ndinachita dala kuti alamu anu aione ili padenga, mwina mtima ungafewe. Anakhala pa sofa, moni anayankha, koma maso ali kumwamba, tiyi mpaka kuzizira. Ine ndinali kuwatsina mwendo kuti asatichititse manyazi. Mwadzidzidzi anati, "Ba Deborah, mkaka wanu pa stovu wasefukira." A Deborah anathamangira kuseri kwa kakhoma kawo, n'kupezadi mkaka uli thovu pansi. Tonse tinafa nacho chiseko. A Deborah anati ubwino wa siling'i yawo ndi umenewo, ana akamaba shuga amawagwira ali chikhalire. Amene sanaseke ndi alamu anu okha.

Tili m'njira anati, "Ija siling'i siizangena m'nyumba mwathu."

"Chifukwa?"

"Iona maningi."

Akulu anga, mawu amenewo, oti siling'iyo imaona zambiri, anandisowetsa mtendere sabata yonse. Mwamuna wosamwa, wosasuta, foni yake imakhala pa tebulo yosakhoma, akufuna kubisa chiyani m'khitchini? Ndinaganiza zoti mwina amadya ndiwo m'poto ine kulibe. Ndinaganizanso zoti mwina kwawo ku Chanyanya pali mwambo wa Chitonga woletsa munthu kudziona chozondoka, ndipo ndinafunsa mlongo wawo mozungulira, iye n'kundiseka. Ndinapita kwa Titus kuti mwina iye anauzidwa. Ndinam'peza nayenso ali wodabwa.

"Ba bosi banizunguza mutu," anatero. "Bakamba ati konisi izunguluke kukhitchini payeka, ku sitingirumu payeka, pakati niike bimu yoseluka pamwamba pa kakhoma. Ine nabauza ati nyumba ya so ifuna konisi imozi kuzunguluka konse. Manje bafuna pamwamba paoneke marumu yabili, pansi ni rumu imozi. Simunayambane, ba madamu?"

Ndinam'yankha kuti sitinayambane, koma pobwerera kunyumba ndinayamba kudzifunsa ngati tinayambana ine osadziwa.

Dzulo Loweruka alamu anu anati tipite kupuloti, kunyumba yatsopano ija, nditengeko mphasa ndi mbatata yophika. Sindinafunse, ndinangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Titafika anauza Titus kuti akhomerere mongoyesa zidutswa zingapo za yonyezimira ija pamwamba pa khitchini. Iwo anakoka chitini cha penti, n'kuchiika pamene padzakhale sofa, n'kukhalapo.

"Amake Daliso, yala mpasa kumbuyo kwa kakhoma. Nkala pansi, utambalale, udye."

"Nidye? Nilibe njala."

"Idya chabe."

Ndinakhala pamphasapo. Kakhoma kanali pakati pathu, ine osawaona, iwonso osandiona. Titus ali pamakwerero anali kudziluma milomo kuti asaseke. Ndinayamba kusenda mbatata ija ndikudzimva kupusa.

"Wasenda kandolo," anatero alamu anu kutsidyako. "Makoko waika pa chitenje. Manje waluma. Wapukuta kukamwa na kumbuyo kwa kwanja."

Ndinakweza maso. Ndinadziona ndili padenga, miyendo tambalale, tsaya lili tutumu, ndipo chapatali pang'ono nkhope ya alamu anu ikundiyang'ana. Ndinalephera kutafuna.

"Waona?" anatero. "Iwe ndiwe mkazi wanga, koma waleka kudya. Nanga ba mai?"

Apo m'pamene zonse zinandibwerera. Inu mukudziwa kuti amayi sanadyepo pamaso pa mkamwini wawo chikwatiwireni ine. M'nyumba ya lendi ino, akabwera kudzacheza, amadyera kukhitchini, pamphasa, chitseko chotseka, ndipo alamu anu amatsokomola ali pageti kuti amayi akonzeke. Tinazolowera mpaka ine ndinasiya kuziona. Tsiku lija la mu Epulo, nyumba isanafoleredwe, tinagula mabanzi kuti tidyere komweko. Amayi analowa, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Nanga chitseko cha kukhitchini chikhala pati?" Ine monyadira ndinati, "Palibe chitseko, amayi, ndi mmene akumangira masiku ano." Anangoti, "Oho." Alamu anu akuti amayi banzi lawo sanalilume, analikulunga m'nsonga ya chitenje n'kubwera nalo kunyumba. Ine mwana wawo sindinaone kanthu, anaona ndi mkamwini amene amayang'ana pansi akamalankhula nawo.

Ndinalira, akulu anga, pamphasa pomwepo, Titus n'kutsika msangamsanga kuti akaone simenti imene sinkafuna kuonedwa. Ndinauza alamu anu kuti basi timange khoma mpaka kudenga, tiike chitseko, nkhani ithe. Anakana.

"Tikamanga chipupa bazaziba ati taononga nyumba chifukwa cha beve, ndiye sibazabwera na pang'ono. Elo sinifuna kubavalila chitseko bankale beka monga mulendo. Nifuna bazidya bomasuka, koma bazimvela Daliso akamba vake va kusukulu, bazimvela na ise. Nisabaone chabe."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire poyamba pomwe. Anati ankaopa kuti mwina akuganiza zopanda pake, ndiye anafuna ayambe aona ndi maso, komanso anaona mmene ndinaikondera siling'i ija. Zaka zonsezi ndakhala ndi munthu ameneyu, koma dzulo ndinamuyang'ana ngati ndikumuona koyamba, ali pachitini cha penti, fumbi lili m'tsitsi.

Tsono tasankha chonchi. Kukhitchini tiika PVC yosawala, yoyera ngati ufa, imene ngakhale mutaiyang'ana tsiku lonse siikubwezerani nkhope. Pabalaza tiika jipisamu. Pakati, pamwamba pa kakhoma, padutsa bimu ija, mtanda wotsika pang'ono, ndipo makonisi azungulira mbali iliyonse payokha, kuti amayi akakhala pamphasa n'kukweza maso aziona ngodya zinayi ngati ali m'chipinda chawochawo. Kukhitchini konisi ikhala yosalala chifukwa maluwa amasunga utsi. A maluwa aja ndawinira pabalaza, ndipo pamenepo sindinagonje. Titus wavomera monyinyirika, ati nyumba yathu sadzaijambula kuti azionetsa makasitomala.

Chatsala n'chimodzi, ndipo n'chimene ndakulemberani. Kakhoma kaja kachepa. Ine nditakhala pansi kanandibisa, koma amayi ndi aatali kuposa ine, kuphatikizapo duku lawo lija amalimanga chokweza. Alamu anu akufuna kakwezedwe kuti ngakhale iwo ataimirira kapena akudutsa, asaone ngakhale nsonga ya duku. Koma kakakwera mopitirira kasanduka khoma lomwe akulikana lija, ndipo Titus akuti sangapachike mtanda asanadziwe pamene kakhomako kathere. Ntchito yaima, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo.

M'envulopumu mupezamo chingwe. Amayi akakhala pamphasa monga amakhalira pakudya, duku lili kumutu, muike nsonga imodzi pansi, ndipo pamene pathere mutu wawo mumangepo mfundo. Poyamba ndinaganiza zoti muwayeze mobisa, munamizire kuti mukuwasokera diresi. Alamu anu akana. Akuti muwauze zoona zonse, za siling'i, za mbatata, za banzi lija, ndipo ngati alola kuyezedwa, ife tidziwa kuti alola kubwera. Akakana musawakakamize ndipo musawanyengerere. Mungobweza chingwecho chopanda mfundo, tidzamva.

Kalatayi ndapatsira a Lastone, oyandikana nafe nyumba, amene akubwera kumeneko kudzaona odwala ndipo abwerera sabata yamawa. Muwapatsire yankho m'envulopu yomweyi. Ngati nyemba zija zilipo muikeko pang'ono m'kathumba, za kuno zikumakhala zofumbwa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, makamaka Rachael, mumuuze kuti yunifolomu ija sindinaiwale. Daliso akupereka moni, ndipo akufunsa ngati ambuya ake adzabwere ndi nkhuku yawo ya mawanga. Alamu anu ali pakhomo apa pamene ndikulemba, akunamizira kukonza njinga. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu opita kwa amayi. Sipanala ili m'manja, ati mukawauze kuti mkamwini wawo wagwada, ndipo akuti nyumba ija siitha mpaka amayi anene.

Kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo wawasowa kwambiri. A Lastone akadzafika ndidzawachingamira pamsewu, ndipo ndikudziwa kuti envulopuyo ndidzayamba kuipapasa ndisanaitsegule.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Felistus.