Ola Limodzi Pakati pa Dublin ndi London

Lachitatu, Okutobala. Lero kuno ku Chikwawa kunatentha moti ana a Fomu 3 amangowodzera m'kalasi.

Mwana wanga Chifundo akadali m'chipatala ku London, sabata yachiwiri tsopano. Mlongo wake Tadala ali ku Dublin, koma sanapitebe kukamuona. Pa nthawi yopuma ndinatenga mapu a sukulu ndi rula n'kuyeza. Mizindayi ili pazilumba ziwiri zoyandikana, pakati pali kanyanja chabe. Ndinaonanso pa foni: makilomita osakwana 500, pa ndege ola limodzi ndi mphindi zochepa. Minibasi yochoka pano kupita ku Nsanje imatenga nthawi yoposa pamenepo.

Ndinamuimbira Tadala mtima uli m'mwamba. Ndinati, "Ola limodzi lokha, iwe! Mchimwene wako akudwala yekhayekha ngati alibe mbale. Mtima woumawu unautenga kwa ndani?"

Iye anati, "Amayi, mapepala anga okhalira kuno anatha mu Julayi, atsopano sanatuluke. Ndikatuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa. Sindinafune kukuwonjezerani nkhawa. Mukuganiza kuti ine sindilira?" Foni inaduka. Sindikudziwa ngati inali netiweki.

Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa ana a eni kuyeza mtunda, ndipo wanga ndamuweruza ndi rula osamufunsa n'komwe. Ndaimbanso kanayi, sakuyankha. Ndalemba uthenga woti, "Pepa mwanawe, ndalakwa." Ndafufuta, ndalembanso womwewo. Mawu atatu okha, koma chala chikukanika kutumiza.