Tinawawerenga Asanalandire

Lolemba, 23 Okutobala

Miyezi isanu tsopano pa mpando uno. Kale panali anthu awiri, wina wowerenga ophunzira, wina wokonza bajeti ya yunivesite. Onse atapuma, ntchito zawo anazimanga mtolo umodzi n'kundisenzetsa ine. Malipiro a munthu mmodzi, kaya poti mutu ndili nawo umodzi.

Lero andiitana bwana, a Masomphenya (dzinali ndinawapatsa ndine, satha kupereka moni osatchula masomphenya). Akuti maphunziro a Loweruka atsekedwe. Ndi aja a aphunzitsi a pulayimale amene amabwera kumapeto kwa sabata kudzawonjezera sukulu. Pa kompyuta pakuoneka anthu 9 okha. Otsalawo akuti azilowa m'kalasi ya pakati pa sabata. Nanga ana awo kusukulu aziphunzitsidwa ndi mizimu? Komiti ikumana Lachitatu la sabata yamawa, ndipo pansi pa lipoti pakufunika dzina langa.

"Manambala sanama, mayi."

Sanama, inde. Amangoyankha zimene wawafunsa.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Ndafukula za zaka zinayi zapitazi. Chaka chilichonse pa 20 Okutobala, tsiku lowerengera, a Loweruka amakhala oti ungawakweze minibasi imodzi mipando n'kutsalako. Pofika pa 5 Novembala amapitirira 60. Chinsinsi palibe: kompyuta imaona munthu akalipira ndalama yolembetsera, ndipo mphunzitsi amalipira akalandira, kumathero a mwezi. Tinawawerenga matumba ali pululu. Wowerenga wakale uja ankadziwa, ankawonjezera ndi pensulo m'mphepete. Pensuloyo inapuma naye limodzi.

Ndawafotokozera a Masomphenya. Akuti lamulo likuti pa 20. Ndati ndiye tiyerekeze za Novembala, si ndiyo ntchito yanga?

"Kuyerekeza ndi ntchito yanu, mayi. Kuyerekedwa ayi."

Ndaseka ndithu, imeneyo anaiponya bwino. Kenako akusuntha mapepala mwaulemu kuti ndione kalata yonditsimikiza pa ntchito, ili pa tebulo pawo, yosasayina.

Lachinayi, 26 Okutobala

Ndapeza akalipentala awiri akuyeza chipinda 14, cha a Loweruka. Ndafunsa kuti kwagwanji. Akuti mukhala mokumanira akuluakulu, tebulo lalitali, mipando yozungulira ija. Komiti sinakumane koma mtundu wa makatani wasankhidwa kale. Awa ndiye masomphenya, kuona zinthu zisanachitike.

Kunyumba bambo a ana akuti, "Iwe tangosayina. Anawa adya chilungamo?" Ndati adya, ndichikazinga ndi anyezi. Sanaseke. Atenga wailesi n'kukakhala pakhonde. Mantha awo ndikuwamva, nanenso ndili nawo, koma anga ndawauza akhale kaye pamzere.

Loweruka, 28 Okutobala

Ndinapita ndekha kukaona anthu 9 aja.

Chipinda 14 chodzaza, ena atakhala pa zenera, wina akulemba mwana ali kumsana. Mitu 61. Ndinawerenga kawiri, kachiwiri ndi chala ngati wa sitandade wani. Wowaphunzitsa, dokotala wa zamaphunziro, wamfupi wa mawu ngati belu, anangondiona pakhomo n'kuti, "Kodi ndinu a ku mapulani? Mwabwera kudzatiyeza bokosi?" Kalasi yonse phwaa kuseka. Ndinati ayi adokotala, ndabwera kudzaona ngati malirowo akupuma.

Potuluka anandigwira mkono mayi wina wa imvi, kwamutsalira chaka chimodzi kuti amalize. "Achemwali, ine ndimakwera basi maola atatu kubwera kuno. Mukawauze makina anuwo kuti ndilipo."

Lolemba, 30 Okutobala

Lipoti ndalemba langa. Pa 20 anali 9, Loweruka m'kalasi 61, olipira pofika lero m'mawa 38. Labwerera kuchokera kwa a Masomphenya lili ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mayeso a mwana wopanda mutu. Akuti ndichotse ndime ziwiri zomalizazo, za 61 ndi 38. Ndati sindichotsa. Akuti ndiye alemba okha n'kusayina okha, ine ku komiti ndikangokhala pakona kudina kompyuta, zithunzi zizisintha pakhoma.

"Kudina mungathe, eti mayi?"

Ndati ndinakhoza bwino kwambiri phunziro limenelo, bwana.

Lachiwiri, 31 Okutobala

Ndasita diresi labuluu lija. Ngati n'kuchotsedwa, ndichotsedwe nditatchena.

Lachitatu, 1 Novembala

Komiti, anthu khumi ndi awiri, mabisiketi mbale imodzi. A Masomphenya analankhula mphindi makumi awiri. Ine dinu, dinu. Kenako 9 uja anaima pakhoma, wamkulu ngati chitseko. Anthu anagwedeza mitu, wina anali atakweza kale dzanja.

Wapampando, pulofesa wachikulire amene aliyense amaganiza kuti akugona, anatsegula diso limodzi. "Owerenga athu akuvomereza nambala imeneyi?"

A Masomphenya anayamba, "Ofesi yathu yonse…"

"Ndafunsa owerenga."

Ndinaimirira. Ndinati nambalayo ndi yoona, apampando, koma ndi ya pa 20, anthu asanalandire. Sindikuvomereza kuti titseke nayo kalasi. Ndinadinanso, osati chithunzi chotsatira, koma kaundula weniweni wa lero. Pakhoma panabwera 57.

Wa dzanja uja analitsitsa pang'onopang'ono n'kutola bisiketi.

Apampando anabweza lipoti la a Masomphenya pa tebulo ndi chala chimodzi. Kutseka kwaimitsidwa. Akuti Lachisanu ndikawapatse langa, lonse, ndi ndime zake ziwiri.

Bwana anandidutsa pakhonde osandiyang'ana. Chitseko chawo chatsekedwa kuyambira masana, ndipo mlembi wawo akuti za kalata yanga ndisafunse kaye.

Ndikulemba izi pa desiki, kaundula akadali wotsegula. Wasintha pompano. 58.