Magetsi Ofiira a Boon Teik

George Town, Penang
14 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga Siew Peng,

Ndikhulupirira uli bwino ku Perth kumeneko pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ine kuno ndikudzuka, ndikudya, bondo lija lasiya kutupa. Pa foni ukandifunsa ndimati ndili bwino. Lero ndasankha pepala chifukwa pepala silidula munthu mawu.

Papita masiku 31 chimwalirireni bambo ako aang'ono, mng'ono wanga Boon Teik. Iwe unamva zomwe anamva aliyense, kuti pa mpikisano wa magalimoto wa ife madala buleki wa galimoto yanga anakana kugwira, ndinagunda yake kumbuyo, iye n'kukawomba khoma. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga chisoti chidakali kumutu. Ndi bodza, mwana wanga.

Ukukumbuka kuti mayi ako atatisiya ndinagulitsa sitolo ya matayala n'kugula galimoto yofiira ya ku Italy ija. Unandikalipira kuti munthu wa zaka 62 agule mpando wapakhonde, osati bokosi la maliro lokhala ndi injini. Ndinaseka. Sindikubisira, galimoto imeneyo inandibwezera moyo. Ikalira kumbuyo kwa msana wanga ndinkaiwala kuti kunyumba kulibe wondidikira. Boon Teik naye anagula yake yobiriwira ya ku Germany, amvekere simungapenge nokha achimwene, anthu angatinene kuti banja lathu siligwirizana.

Zaka zitatu zapitazo maso anga anayamba kutsekeka m'mbali. Kutsogolo ndimaona bwinobwino, koma za kumanzere ndi kumanja zinazimirira, ndili ngati munthu wosuzumira mu paipi. Poyeza maso kuti akupatse chiphaso cha mpikisano amakuwerengetsa zilembo zapakhoma, ndipo khomalo limakhala kutsogolo kwako. Ndinkawerenga mpaka mzere wapansi. Pa funso loti kodi muli ndi vuto lina la maso, ndinkalemba kuti ayi.

Boon Teik anandigwira tsiku lina tikutuluka komwera khofi, nditagunda njinga yamoto yoimikidwa masanasana. Anandiuza kuti ndisiye mpikisano. Ndinamuyankha kuti ndikasiya ndizikhala pakhonde n'kumawerenga abuluzi mpaka imfa. Iye anati chabwino, nkhalamba yosamva inu, muzikhala kumbuyo kwangaku. Magetsi anga ofiira akayaka pondani buleki, akazima pondani moto, zina zonse ndizikuonerani ine.

Tinathamanga choncho zaka ziwiri. Iye anali wa liwiro kundiposa, zikho akanatenga, koma ankandidikira. Anzathu a ku kalabu ya mpikisano anatitcha galu ndi mchira wake. Ankamufunsa kuti mchira wakowo udzaudula liti, iye n'kumati musiyeni, ndi umene umandiingira ntchentche.

Tsiku lija galimoto ina inaterereka pa kona, ndipo woyang'anira wa m'mbali mwa msewu anakupiza mbendera yachikasu. Mbendera imeneyo imatanthauza kuti chepetsani liwiro, kutsogolo kuli ngozi. Boon Teik anaiona, anachita zomwe amachita woyendetsa aliyense wodziwa, anangochotsa phazi pa moto. Ukangochotsa phazi pa moto, Siew Peng, magetsi ofiira sayaka. Zaka ziwiri zonsezo palibe mwa ife amene anaganizapo zimenezo. Mbenderayo inali kumanzere. Ine ndinkayang'ana magetsi ake, phazi langa litaponda moto mpaka pansi penipeni.

Anthu atandisolola m'galimoto n'kundifunsa kuti chachitika n'chiyani, ndinati buleki. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo lilime linathamanga kuposa mtima.

Ukuwadziwa a Selvam, makanika amene akhala akukonza magalimoto athu awiri kuyambira tsiku loyamba. Bodza langa linagwera iwo. Anzathu a ku kalabu anachotsa magalimoto awo ku galaja yawo mmodzimmodzi, pano mwangotsala agalu ogona pamthunzi. Pa maliro anabwera atavala malaya oyera, koma mayi ako aang'ono a Gaik Choo, akazi a malemuyo, anatuma munthu kukawauza kuti asalowe. Anaima padzuwa kunja kwa tenti mpaka bokosi linatuluka. Ine ndinali mkati, ndikulandira mapepeso.

Lachiwiri lapitali a Selvam anabwera kunyumba. Tiyi anakana. Tinakhala pa tebulo, iwo n'kumandiyang'anitsitsa. Patapita nthawi anati bwana, chinthu chimene ndaika pa tebulopa simukuchiona eti? Anachikankhira kutsogolo kwanga ndi chala. Kanali kakhadi ka m'galimoto yanga, kamene kamasunga zonse zimene phazi la woyendetsa lachita. Anali atakaika pafupi ndi dzanja langa lamanzere chilowereni.

Anati phazi lanu silinafike n'komwe pa buleki, ndipo galasi loonera kumbuyo lakumanzere ndakusinthirani katatu chaka chino chokha, mumayesa sindinkadabwa? Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanakapereke kakhadiko kwa akuluakulu a mpikisano. Anati zaka zonsezi mwadya kunyumba kwanga pa chikondwerero chathu cha Deepavali, ine sindingakuvuleni pagulu, zimenezo muchite nokha. Koma dzina limene mukupondali ndi la bambo anga, ndilo lalembedwa pa chitseko cha galaja. Anatuluka osatseka geti.

Pa tsiku la 49 chimwalirireni tidzawotchera Boon Teik nyumba yake yapepala ndi katundu wake, monga mwa mwambo, kuti akazigwiritse ntchito kumene wapitako. Mayi ako aang'ono apangitsanso galimoto yapepala, yobiriwira, yaitali ngati bedi. Dzulo anandiitana kuti ndikaione ngati yafanana. Akuti wopangayo anafuna kuikamo dalaivala wapepala, iwo anakana, anati amuna anga sankalola munthu kuwagwirira chiwongolero. Kenako anandigwira mkono, anati alamu, moto mudzayatse ndinu, palibe amene ankamukonda kuposa inu.

Ndinazungulira galimotoyo kuti asaone nkhope yanga. Kumbuyo kwake wopangayo anamata timapepala tiwiri tofiira tonyezimira. Ndinaima pamenepo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Sindingayatse moto umenewo mayiwa asakudziwa. Akadziwa, mwina sadzandilolanso kuponda pakhomo pawo, ndipo ndiwo okha amene atsala ondiitana kudzadya pa Chaka Chatsopano. Ndikuopa kwambiri. Komabe tsiku lililonse limene ndakhala chete, a Selvam amatsegula galaja yopanda galimoto.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwera lisanafike tsiku la 49. Makiyi onse ndawatsekera mu kabati, ngakhale a kagalimoto kopitira kumsika, choncho udzandiyendetsa ndiwe. Tidzayambira kwa mayi ako aang'ono, kenako ku kalabu, kenako ku galaja. Sindikupempha kuti udzandiyankhulire, kapena kuti undikhululukire msanga. Ukafuna kundikalipira udzakalipe, nthawi ino sindidzaseka.

Udzangokhala kumanzere kwanga. Ndikadzayamba kuyankhula ndidzayang'ana pansi, ndikudzidziwa. Mayi ako aang'ono akadzaimirira n'kutuluka m'chipindamo, udzandigwire dzanja kuti ndidziwe, ndisamapitirize kuuza mpando.

Undiperekere moni kwa amuna ako. Ana usawauze kanthu kaye, ndidzawauza ndekha akadzakula pang'ono. Makolo athu akusunge, ndipo mayi ako kumene aliko akuyang'anire pa ulendo.

Ndine bambo ako,
Cheah Boon Hock