Kulawitsa Mabuku

Lolemba, 7 Okutobala

A hedi akuti laibulale yanga isanduke mosungira madesiki othyoka. "Madamu, ana salowamo." Sakunama ayi. Mabuku angoti ndwii m'mashelefu, fumbi lokhalokha. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Zandiwawa. Ndinangokhala pawindo kuonerera maluwa a jakaranda akugwa mpaka belu linalira.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ku Msika wa Lilongwe. A Naphiri, mayi ogulitsa mtedza aja: "Lawani kaye, kulawa n'kwaulere." Njere ziwiri zokha, ndinapezeka ndagula mbale yonse! M'minibasi mutu unangondithawa. Ndimaona mashelefu atasanduka mabenchi a mumsika, ana akuitanira mabuku ngati tomato. Ndinapitirira siteji.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndayesa ndi Fomu 2. Lamulo ndi limodzi: mulawitse mnzako chiyambi cha buku lomwe unawerenga, pakayamba kukoma usiyire pomwepo.

Triza, kamtsikana kosayankhula ka kumbuyo kaja, kanaimirira. Nkhani yake ya bambo amene anapita kumunda pa njinga, madzulo njinga n'kupezeka itatsamira pakhomo, eni ake kulibe. Basi, kanakhala pansi.

Clive, mfumu ya phokoso: "Ndiye?"

Triza: "Kulawa kwathera pomwepo."

Abale, anatsala pang'ono kuling'amba bukulo polimbirana.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndinalota mabuku atatera mu jakaranda, akugwetsa masamba m'manja mwa ana.

Lachinayi, 17 Okutobala

Japhet walawitsa mpaka kumapeto kwa nkhani, anzake amukuwiza. "Waphulitsa iwe!" Ndaseka mpaka misozi. Mashelefu ayamba kukhala ndi magweru. Koma madesiki aja awaunjika kale pakhonde langa. Ndikuopa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

A hedi analowa pa buleki ndi tepi, kudzayeza chipinda. Anapeza Triza akulawitsa a Fomu 1 nkhani ya njinga ija. Anaima, tepi itatambasuka m'manja. Mwana anasiyira pomwe amasiyira.

"Ndiye bambowo anapezeka?" anafunsa a hedi.

Triza anapinda mawondo. "Pepani a hedi, bukulo lili ndi Clive. Akabweza atenga Zelifa. Inu ndinu achitatu."

Tepi inabwerera yokha m'kabokosi kake. A hedi anayang'ana madesiki pakhonde paja, kenako anatembenukira kwa ine.

"Madamu, Clive ameneyu abweza liti?"